Zobiriwira Ziwiri

Wakonzeka? Lemba bwino, koma usamandikonze pakamwa. Ndikati buluu ulembe buluu, ndikati chobiriwira ulembe chobiriwira. Ukayamba kuzisintha kuti zimveke za kusukulu, ndiye kuti walemba nkhani ya munthu wina.

Inali nthawi ija makwacha atangobwera, pamsika tikutchulabe masheleni. Agogo ako aamuna anali atapita ku Joni, chimenecho chinali chaka chachitatu, kalata osabwera, ngakhale bulangeti. Ena ankati anakwatira konko, ena ankati anafera mumgodi. Ine mpaka lero sindidziwa, ndiye usandifunse. Ndinatsala ndi ana atatu ndi kamunda ka thonje, kumudzi kwathu kuja kumunsi kwa njanji. Wamkulu anali mayi ako. Anali mu sitandade faifi, ankakhala kwa azakhali ake ku Mtakataka chifukwa sukulu inali pafupi kumeneko, kwathu ankabwera pa holide pokha. Mwana uja anali ndi mutu. Tsiku lina aphunzitsi ake anandiimitsa pamsika, ine nditasenza dengu la masau, ati, "Mayi, mwana uyu musadzamusiyitse sukulu." Ine ndinangoti, "Ndamva, aphunzitsi," ngati kuti zinali m'manja mwanga.

Zinali m'manja mwa achimwene anga, malume ake a mwanayo. Ndiwo anali eni mbumba, ndiwo ankamusunga pa sukulupo. Chaka chimenecho thonje linadyedwa ndi mbozi dera lonse. Achimwene anabwera, anakhala pansi pa bwemba, chipewa chili pa bondo. Ndinangodziwa kuti sanabwerere moni.

Ati, "Mlongo, ine ndatopa. Anganso ali pakhomo akundiyang'ana. Ku Salima kuli kalaliki wa njanji, akufuna mtsikana wolera ana. Sukulu ikatsekera, apite."

Ine ndinati, "Achimwene, mwana uyu ali ndi mutu."

Ati, "Mutu tonse tili nawo. Si womwewo tikusenzera madziwu?"

Ndinalira, ndinagwada, ndinatchula ndi malemu amayi athu omwe. Pomaliza anavala chipewa nkunena kuti, "Chabwino. Ukapeza pogwira pako iwe mwini, pamene pamatuluka kanthu mwezi ndi mwezi, mwana akhale pa sukulu. Ukalephera, usadzandinene kuti ndine mfiti."

Pogwira pa mwezi ndi mwezi, munthu wamkazi wosadziwa ndi "a" yemwe, ukapapeza kuti? Koma Lamulungu lotsatira analengeza m'tchalitchi kuti asisitere a kumishoni akuyamba kuphunzitsa amayi kunyika nsalu ndi ulusi mu utoto. Miyezi iwiri. Pamapeto adzayesa mayeso, anayi okhoza adzawasunga pa ntchito. Ndinati iyi ndi yanga, chifukwa za mitundu palibe amene ankandiposa m'mudzi. Ukanaona nyumba yanga nthawi imeneyo. Pansi ndinkazira ndi dothi lakuda la kudambo, khoma ndi katondo, m'mphepete nkulembamo mizere ya phulusa. Anthu opita kuchigayo ankaima kuyang'ana. Mlaza wolukira mikeka ndinkaukwirira m'matope masiku atatu, nkutuluka wakuda bii, osasuluka mpaka mkeka kutha.

Ndiye ndinayamba. Lachiwiri ndi Lachisanu, kunyamuka kukanali mame, wamng'ono kumbuyo, kukafika kumtunda kuja dzuwa litayamba kuluma pakhosi. Tinalipo amayi ambiri ndithu, tinadzaza khonde lonse la nyumba yosungiramo katundu.

Asisitere aja anali mzungu, wamtali, wachikulire, nkhope ili psuu ndi kutentha kwa kuno. Munthu wabwino, zimenezo ulembe. Chichewa ankayankhula, koma chinali cha m'buku la mapemphero. Akafuna kuti tikhale pansi ankati, "Amayi okondedwa, tikhazikike." Wowathandiza anali akazi a ahedi, mayi wovala nsapato tsiku lililonse, wodziwa kuwerenga ndi Chizungu chomwe. Mng'ono wa mayiyu analinso m'gulu lathu lomwelo.

Tsiku loyamba asisitere anati, "Lero tiphunzira kusakaniza mitundu."

Mayi wina wa ku Golomoti, amene pambuyo pake anadzakhala mnzanga, anayankha ali pansi pomwepo, "Zimenezo tinayamba kale, sisitere. Ine Mngoni, amuna anga Myao, ana kaya ndi mtundu wanji."

Khonde lonse linagwa ndi phwete. Asisitere anangomwetulira, sanamve pamene panali nthabwala. Akazi a ahedi anatiyang'ana ngati tatulutsa mpweya m'tchalitchi.

Kenako anatulutsa chinthu chija. Katoni yodulidwa mozungulira ngati lichero, yogawidwa zigawo zisanu ndi chimodzi monga umadulira dzungu, chigawo chilichonse mtundu wake. Ankati gudumu. Anatiuza kuti mitundu itatu ndiyo makolo: redi, yelo, buluu. Imeneyo sungaipange, umangoipeza m'chitini. Inayo ndi ana, aliyense amakhala pakati pa makolo ake. Redi ndi yelo abereka olenji. Yelo ndi buluu abereka gilini. Buluu ndi redi abereka pepo. Mnzanga uja anandinong'oneza kuti, "Ndiye onse atatu akwatirana okhaokha? Abambo mfumu akudziwa zimenezi?" Ndinaluma nsalu kuti ndisaseke.

Kusakanizako sikunandivute. Chinandivuta ndi mayina. Iwe unabadwira m'mabuku, sungamvetse. Kwathu mitundu inali yochepa: choyera, chakuda, chofiira, chachikasu, chobiriwira. Zinazo tinkangofanizira, chonga phulusa, chonga chiwindi. Buluu ine ndinkamudziwa ngati kamwala kaja anthu olemera amaponya m'madzi pochapa malaya oyera, sindinkadziwa kuti ndi dzina la mtundu. Chimanga chikamera bwino tinkati chabiriwira. Kumwamba kukakhala kopanda mtambo tinkati kwabiriwira. Mapiri a kumtunda kwa Dedza ukawaonera kuno, abiriwira. Munthu akamenyedwa, pamene pamenyedwapo pabiriwira. Si kuti maso sankaona kusiyana, ayi. Amayi anga ndi ang'ono awo onse ndinkawaitana kuti amayi, koma ndinkadziwa amene anandiyamwitsa.

Ndiye pa gudumu paja ine ndinaona zobiriwira ziwiri zitakhala moyandikana. Mumtima mwanga ndinazipatsa mayina. Buluu, popeza ndi kholo, ndinati chobiriwira chachikulu. Gilini, popeza ndi mwana, chobiriwira chaching'ono. Zinakhala bwino kwambiri m'mutu mwangamo. Ndinkaona ngati ndachenjera.

Koma akazi a ahedi anatichenjeza kuti pa mayeso mayina adzakhala a Chizungu, chifukwa pa zitini palembedwa Chizungu. Anzathu odziwa kulemba anakopera gudumu lija m'makope. Ine ndinakapanga langa kunyumba, pa lichero lenileni. Ndinaika kachibuma ka katondo, khungu la papaya lakupsa, duwa la dzungu, tsamba la mpiru, mkanda umodzi umene ndinadula m'chiuno mwangamu, ndi khungu la biringanya. Nkhuku zinkandidyera gudumu langa tsiku ndi tsiku, tsamba la mpiru lokhalo ndinasintha kaya kangati. Ndinkaloza ndi chala nkumatchula. Redi, olenji, yelo, gilini, buluu, pepo, nkubwereranso pa redi. Lilime linkakana. Olenji ndinkati alenje, ngati aja osaka nyama. Pepo ndinkati mphepo. Ndinaona kuti akulowa bwino ndikamasinja, munsi ukagwa dzina, munsi ukagwa dzina. Ndiye ndinkasinja ndi chimanga cha eni ake chomwe, kuti ndipeze poloweza. Panjira ya kumishoni chimodzimodzi, phazi dzina, phazi dzina. Mayi wina woyandikana nane anakauza anthu kuti ndayamba kutchula mizimu ya azungu masana.

Pakutha pa mwezi ndinkatha kuwatchula onse osapuma. Koma ankabwera pamzere, ngati ng'ombe zotuluka m'khola la khomo limodzi. Ukandifunsa wapakati, ndinkayenera kuyambira kwa redi nkumayenda mpaka kumupeza. Ndinkamupeza ndithu, bola undipatse mpata.

Ku manja kokha ndiye kunalibe wondifika. Utoto unali wa ufa, m'zitini. Umawiritsa madzi mu mgolo wodula pakati, kuthiramo mchere, kusungunula utoto pambali kaye kuti usachite mibulu, nsalu nkuinyowetsa isanalowe. Ukatero nkumatakasa ndi mtengo osaleka, ngakhale utsi ukulowe m'maso. Anzanga a makope aja ankatopa, nkuyamba kucheza, nsalu zawo nkutuluka mawangamawanga ngati nkhanga. Yanga inkatuluka mtundu umodzi kuyambira uku mpaka uko. Kawiri konse asisitere anainyamula m'mwamba kuti onse aone. Ndinamva akazi a ahedi akuuza mng'ono wawo kuti, "Manja ali nawo, koma ntchito si manja okha." Ndinangokhala ngati sindinamve.

Ndinafika potumiza mawu ku Mtakataka kuti mwana asade nkhawa, alimbikire sukulu, zinthu zikuyenda. Amenewo ndi mawu amene ndimanong'oneza nawo bondo kuposa onse.

Tsiku la mayeso kunatentha kuyambira m'mawa, kuja kumati ukaponda mchenga nkudumpha. Anaika tebulo pabwalo, pa tebulo zitini zitatu za makolo aja, pambali mulu wa nsalu zoyera zodulidwa kale. Gudumu analichotsa. Ankaitana mmodzimmodzi, kukupatsa nsalu, kukuuza mtundu umodzi, iwe nkukatapa utoto woyenera nkupita ku mgolo wako. Ndinkamvetsera. Uyu, "Olenji." Uyu, "Pepo." Uyu, "Gilini." Aliyense akauzidwa, ine chamumtima ndinkayenda pamzere wanga nkupeza yankho iye asanafike ndi pa tebulo pomwe. Ndinati lero Mulungu wandikumbuka.

Anandiitana. Asisitere anandiyang'ana mwachifundo, nkundigwira paphewa. Ati, "Inu amayi, ndaona kuti Chizungu chimakusautsani. Inu ndikuuzani m'chinenero chanu. Mundipangire chobiriwira."

Ukuona? Anafuna kundithandiza. Miyezi iwiri ndikuthyola lilime ndi gilini ndi buluu, tsiku lomaliza nkundibwezera mawu anga omwe.

Ndinati, "Chiti, sisitere?"

Ati, "Chobiriwira."

Ndinati, "Chachikulu kapena chaching'ono?"

Iwo anaganiza kuti ndikunena nsalu. Ati, "Yonse, amayi. Nsalu yonse."

Ndinayang'ana akazi a ahedi. Iwo anabadwira konkuno, agogo awo ankayankhula ngati ine, anadziwa bwino lomwe chimene ndinkafunsa. Anali akuyang'ana nsapato zawo. Kufunsa munthu wamkulu kachitatu, pamaso pa gulu, ife tinaleredwa kuti ndi mwano. Ndipo kumbuyo kwanga ena anali atayamba kale kung'ung'udza kuti ndikuchedwetsa mzere.

Ndiye ndinaganiza mwa kwathu. Munthu akakutuma kuti kaitane amayi, osanena kuti ati, umakaitana aakulu. Sungadumphe kholo nkukatenga mwana. Ndinatapa m'chitini cha buluu chokha, nkupita ku mgolo.

Ndinainyika nsalu ija ngati kuti ndi yokaikira maliro a mfumu. Ndinatakasa mpaka mapewa kuchita dzanzi. Nditaitsukuluza nkuiyanika pa chingwe, inali ngati ndadula kumwamba kwa mwezi wa Okutobala nkupachika pamenepo. Panalibe banga ndi limodzi lomwe. Mnzanga wa ku Golomoti anadutsa ndi yake ya olenji, ati, "Iwe, imeneyi akakupatsa undibwereke ndikavinire ngoma."

Asisitere anayenda pa chingwe chonse ndi kope lawo. Atafika pa yanga anaima nthawi yaitali. Anaigwira, anaitembenuza. Ati, "Yokongola. Koma simunasakanize, amayi. Chachikasu chili kuti?"

Ndinati, "Munati chobiriwira, sisitere. Ichi ndi chobiriwira."

Anatembenukira kwa akazi a ahedi nkufunsa kanthu m'Chizungu. Iwo anayankha mawu awiri okha nkupukusa mutu. Asisitere anapuma mozama. Anafunabe kundipatsa mwayi, zimenezonso ulembe. Ati, "Chabwino. Ndiuzeni ndi pakamwa. Chobiriwira timachipeza bwanji?"

Tsopano ndinadziwa kuti akufuna chaching'ono chija. Yankho ndinali nalo, ndinkalidziwa ngati dzina langa. Koma munthu akakufunsa m'Chichewa umayankha m'Chichewa. Ndinati, "Timatenga chobiriwira, nkuthiramo chachikasu, nkutuluka chobiriwira."

Anthu anaseka. Si onse, koma a makope aja anaseka mpaka kugwirana. Wina ati, "Ndiye kuti kuphika madzi kuti apeze madzi." Ndinazindikira mmene zamvekera. Ndinafuna kukonza ndi mayina a Chizungu, koma paja ndanena kuti ankatuluka pamzere. Ndinayamba chapansipansi, redi, olenji, yelo. Ndisanafike pa gilini, asisitere anali atalemba kale m'kope nkusunthira pa nsalu ya wina.

Mayina anayi anawerenga madzulo omwewo dzuwa lisanalowe. Mng'ono wa akazi a ahedi analipo. Enawo atatu nawonso anali odziwa kuwerenga. Mnzanga uja nayenso anagwa, koma iye analibe nazo kanthu, amuna ake anali ndi ngolo ya ng'ombe. Anapita kwa akazi a ahedi ine ndikumva, ati, "Amayi, inu simunamvepo munthu akunena kuti kumwamba kwabiriwira?" Iwo ati, "Amenewo ndi mayankhulidwe a kumudzi." Mnzanga ati, "Nanga inu munabadwira mu sitima?" Sizinathandize kanthu, koma ndimamukumbukira nazo.

Sabata yotsatira ndinabwererako ndekha kuti ndikafotokoze. Ndinanyamula ndi lichero langa lija, ndi tsamba latsopano. Anati asisitere apita ku boma. Ndinadikira pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka, osabwera. Ndinapitanso Lachisanu, ndinawapeza. Ndinayala lichero pansi, kuloza tsamba, gilini, kuloza mkanda, buluu, osaphonya. Ndinawauza za amayi aakulu ndi amayi aang'ono. Anamvetsera ndithu, nkhope inasintha, ndikuganiza kuti anamva. Anati pepani kawiri. Koma ati mayina anapita kale kwa akuluakulu, ndiponso ntchitoyo ikufuna munthu woti akalandira kapepala kochokera ku Lilongwe awerenge yekha mtundu umene akufuna. Ati mwina chaka chamawa. Chaka chamawacho iwo anadwala nkubwerera kwawo, za utoto zinathera pomwepo.

Ndiye mpaka lero sindidziwa. Mwina akanati gilini ndikanakhoza nkutengedwa. Mwina ngakhale ndikanakhoza akanapeza pena pondigwetsera, poti kapepala sindikanawerenga. Masiku ena ndimakonda kuganiza kuti ndinagwa ndi liwu limodzi, masiku ena ndimakonda kuganiza kuti ndinali nditagwa kale ndisanapiteko. Zonse ziwiri sizigonetsa tulo.

Nsalu ija sanandipatse. Ndinadzaiona m'tchalitchi, ataipachika kumbuyo kwa chifanizo cha Amayi Maria. Inakhala pamenepo zaka, mpaka inayamba kuyera m'mapindiro. Anthu ankati inachokera kunja. Ine sindinatsutse.

Achimwene sindinachite kuwauza, nkhani inali itawapeza kale kumowa. Anabwera osakwiya, osaseka. Ati, "Mlongo, wayesa. Sukulu atsekera Lachisanu, sitima ndi Lolemba."

Mwana tinamuperekeza ku siteshoni ya Golomoti, ine ndi achimwene. Mayi ako anali atamanga kampukutu kake, diresi limodzi, chitenje changa chakale, ndi makope ake onse a sukulu. Achimwene ati, "Makopewo ukatani nawo? Kumeneko ukanyamula mwana, manja akhale opanda kanthu." Mwana anawatulutsa yekha nkundipatsa. Sanalire. Ine ndinkafuna alire kuti nanenso ndipezerepo mpata, koma anangokhala pa benchi, mapazi ali pamodzi, akuyang'ana njanji.

Sitima inachedwa. Achimwene anapita kukagula fodya. Titatsala awiri, mwana anandifunsa osandiyang'ana, ati, "Amayi, anakufunsani chiyani chimene munalephera?"

Ndinati, "Chobiriwira."

Ati, "Gilini?"

Ndinati, "Eya. Ine ndinapanga buluu."

Iye ati, "Kusukulu chobiriwira ndi gilini basi. Tinaphunzira mu sitandade wani. Bwanji simunabwere kudzandifunsa?"

Ku Mtakataka kunali koyenda m'mawa umodzi. Miyezi iwiri yonse ndinkadutsa pa mphambano yopita kumeneko, kupita ndi pobwera, ndikutchula alenje ndi mphepo. Sizinandibwerere m'mutu ndi kamodzi komwe kuti mayi angakafunse nzeru kwa mwana wake. Achimwene anabwera, sitima inalira cha kumwera, tinamukweza.

Ku sukulu sanabwererenso. Anakhala ku Salima zaka zitatu, anabwerako ali ndi pakati pa mkulu wako uja amene anamwalira ali wakhanda. Za m'nyumba ya kalaliki ija ine sanandiuzepo, ndipo sindinamufunse. Ukafuna ukamufunse wekha, kaya iwe angakuuze. Apa leka kulemba, ndipatse madzi.